Dzina lakuba si umboni

Achimwene anga amapalasa kabaza. Tsiku la msika pa Mitundu amadzuka tambala asanalire kuti akanyamule amayi a tomato. Tsiku lina sanabwerere kunyumba. Apolisi anawatola panjira m'bandakucha pamodzi ndi anyamata ena asanu, ati ndi "gulu la zikwanje". Umboni wake? Anali panja kukadali mdima, atavala jekete lakuda, ndiye wina anawaloza chala. Basi.

Anagona m'chitokosi masiku anayi, kenako anawatulutsa opanda mlandu. Koma dzina lija linawakanirira. Makasitomala anayamba kuwazemba, ndipo ine teremu imeneyo ndinkalemba masabujekiti atatu m'kope limodzi.

Anzanga, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa auzidwe chifukwa chake, aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ndi wosalakwa mpaka khoti limupeze wolakwa. Mu 2017 Khoti Lalikulu linathetsa gawo lina la lamulo la vakabu. Anadandaula ndi a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, omwe anamangidwa mu 2015 akupita ku geni ku Limbe m'mamawa.

Sindikukana, akuba alipodi, kuno ngakhale ku Nathenje. Agwidwe, koma pakhale umboni. Nafenso pano pasukulu cholembera chikasowa timathamangira kuti "ndi anyamata a mudzi wakuti aja". Ine ndinasiya zimenezo tsiku lomwe ndinaona achimwene atakhala pasiteji mpaka dzuwa kulowa, popanda wowaitana.