Kamtengo ka pakona ya mpanda ku Balaka

Dzuwa la ku Balaka silidziwa kuti mu Epulo anthu amayembekezera kamphepo kozizira. Ndinatsika minibasi thukuta lili kamukamu, n'kukwera kabaza mpaka kwa azakhali anga kuseri kwa njanji. Ndinawapeza ali ndi mmisiri, akuyeza malo pakona ya mpanda. Akufuna kumangapo okala, koma pamalopo pali kamtengo.

"Kangotha malo aka," anatero. "Ana amangoswa zipatso zake n'kumalavula njere pabwalo ponse."

Kamtengoko n'kachimanga chachizungu. Ngati munakulira kudera lotentha mukukadziwa: masamba ang'onoang'ono, timinga m'nthambi, maluwa ofiira, ndi chipatso cha chikopa cholimba chokhala ndi kachisoti ngati ka mfumu. Mukachiswa, njere zimakhala zothithikana ngati chimanga pachitsononkho.

Azakhali ndi mayi wa Mvano, ndipo Baibulo lawo linachita kuthetheka ndi kuwerenga. Ndinawafunsa ngati akudziwa makangaza.

"A m'Baibulo aja? Ndi zipatso za ku Israeli zimenezo, mwanawe."

"Ndi zomwezi, azakhali. Mukufuna kudulazi."

Anandiyang'ana ngati ndayamba misala. Komatu ndi zoona. Chipatso chimodzi chili ndi maina awiri, lina la kutchalitchi, lina la pakhomo, ndipo ambirife sitinawalumikizepo. M'buku la Eksodo, m'mphepete mwa mkanjo wa mkulu wa ansembe munasokedwa makangaza a nsalu, mosinthana ndi timabelu tagolide. Pamitu ya nsanamira ziwiri za kachisi wa Solomo panali makangaza 400 amkuwa. Azondi amene Mose anatuma ku Kanani anabwerako atanyamula mphesa, nkhuyu ndi makangaza, ngati umboni wakuti dzikolo ndi lachonde. Tangoganizani, chipatso chimene ana amagenda nacho nkhuku.

M'mawa mwake ndinanyamula ziwiri m'jumbo ulendo wa ku Liwonde. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ndipo kufikira mu 1998 Balaka yense anali mbali ya boma la Machinga. Munjira muli milambe, minda ya thonje, apa mzikiti, apo tchalitchi. Titayandikira mlatho wa pa Shire, bambo wina wachikulire wovala chikofiya amene ndinakhala naye pampando anasuzumira m'jumbo muja n'kumwetulira. Anati dzina lake m'Chiarabu ndi rumman, anaphunzira ali mwana kumadrasa. Korani imatchula chipatsochi katatu, ndipo pamalo amodzi chili m'gulu la zipatso za m'munda wa ku Paradiso, pamodzi ndi kanjedza. Ndinawapatsa chimodzi. Anachilandira ndi manja awiri, n'kunena kuti akagawira adzukulu ku Ntaja.

Kunja kuno anthu anachita nacho zambiri chipatsochi. Mzinda wa Granada ku Spain unachitenga kukhala chizindikiro chake, moti chimaonekanso pansi pa chishango cha dzikolo. Sandro Botticelli, cha m'ma 1487, anajambula Maria ndi mwana Yesu atagwira khangaza lotseguka, njere zofiirazo zikukumbutsa za magazi ndi kuuka kwa akufa. Chithunzicho chili ku Florence mpaka lero, mutha kuchiona pafoni.

Ku Liwonde ndinachifunafuna pazikwangwani za magolosale, pazitenje zamumsika, paziboliboli zogulitsa kwa alendo. Ndinaona mvuu, njovu, nkhwazi, chambo ndi mlambe wambirimbiri. Khangaza ayi. Poyamba zinandikhumudwitsa, koma nditakhala pansi ndi botolo la thobwa ndinaona kuti palibe cholakwa. Mlambe ndi wathu, tinayamwa malambe, tinabisala m'mphako zake. Khangaza ndi mlendo wochokera kutali chaku Iran, amene anangokonda dera lino chifukwa amapirira chilala ndi dzuwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti m'maboma awiriwa, momwe Msilamu ndi Mkhristu amamwa pachitsime chimodzi ndi kulirana maliro, muli chipatso chimene mabuku awo onse amachilemekeza, koma chikudulidwa kuti pamangidwe pogulitsira sopo ndi mayunitsi. Ndiye kaya, okalayo ndi amene adzalipire fizi ya mdzukulu, kamtengoko sikanabweretsepo ngakhale tambala.

Patapita masabata awiri azakhali anaimba foni. Maziko a okala akumbidwa kale, kamtengo kapita. Koma asanadule anatsegula Baibulo lawo pa Eksodo 28, kenako anathyola nthambi zitatu n'kuzizika kuseri kwa bafa, pamene pamayenda madzi. Imodzi yayamba kuphuka.

"Ukadzabwera udzaone makangaza anga," anatero, foni n'kuduka chifukwa mayunitsi anawathera.