Ndinagwa mumchenga, koma ntchito sinandithere

Anzanga aulumali amene mukuvutika kuntchito, ine ndine mnzanu wa ku Kande. Poliyo inandigwira ndili mwana, ndiye ndimayendera ndodo ziwiri. Ndinkalandira alendo pamalo ena ogona m'mbali mwa nyanja, masana okhaokha, nditakhala pa desiki.

Covid-19 itafika mu 2020, magalimoto akuluakulu onyamula alendo anasowa pamsewu wa M5, ndipo anzathu ambiri anachotsedwa ntchito. Otsalafe tinauzidwa kuti tizisinthana kugwira usiku, kusenza zikwama ndi kuperekeza alendo kuzipinda za kugombe. Nditapempha kuti andisiye pa desiki, abwana anati, "Ama, ngati simungathe, ofuna ntchito ndi ambiri." Ndinachita mantha, ndinangovomera.

Usiku wina kukugwa mvula, ndinabereka chikwama cha mlendo. Ndodo zinatitimira mumchenga, ndinagwa chafufumimba. Ndinayesa kudzuka, mwendo unakana. Ndodo imodzi inali itagwera patali, ndiye ndinakwawa mumdima kuifunafuna, mlendo akundiunikira ndi foni, mchenga uli m'kamwa. Manyazi anaposa ululu wa bondo. Kutacha ndinalandira kalata yondichenjeza kuti ndikulephera ntchito. Kunyumba ndinadzitsekera ndi kulira, ndikuganiza za fizi ya ana. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndinedi mtolo kwa anthu. Ngakhale kupemphera kunandikanika, ndipo ndinalemba kalata yosiya ntchito.

Mayi wina wa Umanyano atabwera kudzandiona, anaiwerenga kalatayo n'kunena, "Mwana wanga, usaipereke. Tiye kaye ku Boma." Ku ofesi ya zantchito ku Nkhata Bay anandimvetsera mpaka nditamaliza. Anandiuza kuti gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino komanso gawo 5 la lamulo la zantchito la 2000 amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Anaitanitsa abwana, n'kuwafotokozera kuti tikapanda kugwirizana, nkhaniyo ipita kubwalo la milandu ya zantchito ku Mzuzu.

Tinagwirizana. Ndinabwerera pa desiki masana, ndipo m'malo mosenza katundu anandionjezera ntchito yolemba mabuku a ndalama. Kalata yochenjeza ija anaichotsa. Ndikuthokoza Mulungu, mayi aja, ndiponso anzanga amene anavomera kugawana usiku popanda kunyinyirika.

Lero tili ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, lomwe linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA, ndipo bungwe la FEDOMA limatiyankhulira. Akakusinthirani kagwiridwe ka ntchito m'njira yoti thupi lanu silingathe, musafulumire kusiya. Pemphani polemba kalata kuti akupatseni ntchito imene mungathe, sungani pepala lililonse limene akupatsani, ndipo pezani munthu wokuperekezani ku ofesi ya zantchito. Mantha amene muli nawowo inenso ndinali nawo, koma mpaka lero ndikudyetsa ana anga ndi ntchito yomweyo.