Kuzungulira Madamu a ku Chelinda

Munthu akaima pa Rumphi Boma n'kuyang'ana kumpoto, maso amathera pa mapiri a Nyika. Ambiri anakula akuwaona koma sanapondeko, ati kumeneko n'kwa alendo akunja. Chonsecho mtsinje wa Rumphi, womwe umakathira mu South Rukuru cha ku Njakwa, umachokera komweko.

Msewu wake umadzera ku Bolero, kwa a Chikulamayembe, n'kukalowa pachipata cha Thazima. Kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ambiri a fumbi ndi mabampu, choncho muwerengere theka la tsiku. Mukafika mupeza ulendo wapansi woti banja lonse lingaukwanitse: kuzungulira madamu atatu, kupita njira ina n'kubwerera ina.

Mumayambira m'nkhalango ya paini yomwe inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950. M'menemo muli mthunzi ndi fungo la utomoni, koma muli zii. Mukangotuluka, dziko limatseguka: zitunda za udzu waufupi mpaka kumene maso alekezera, kamtsinje ka Chelinda kakukhotakhota m'chigwa. Mphoyo zimadumpha m'madambo, mbidzi zimangokuyang'anitsitsani. Chimene ine ndimakonda ndi tinkhalango tachilengedwe tobisala m'makwawa, momwe chinyezi chimafooketsa moto wolusa. N'tating'ono, koma kamodzi kokha kali ndi mbalame zambiri kuposa paini yense uja. Khalanipo pansi ana amvetsere.

Chelinda ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, ndiye musadabwe kupuma mwawefuwefu pa kachitunda komwe kwanu mukanakwera mukucheza. Yendani mwachifatse, makamaka ngati muli ndi agogo kapena wodwala mtima. Kuzizira kumanamiza: ludzu silimveka koma thupi likutaya madzi, ndipo dzuwa la kumtunda limawaula khungu. Tengani botolo la madzi, chipewa, juzi, mtedza ndi nthochi. Mu June ndi July m'mawa udzu umayera ndi chisanu.

Pobwerera mumadzera pamwamba pa chitunda, chigwa chonse chili pansi panu. Apa mpamene nkhungu ikhoza kugwa mwadzidzidzi, zitunda zonse n'kufanana, choncho wofuna kupitirira madamu atenge msilikali wa zanyama. Mukapita nyengo ya mvula mudzaona maluwa a chinaka. Musakumbe, ngakhale wina akuuzeni kuti chikande chake n'chokoma. M'paki n'zoletsedwa, ndipo pomwe pakumbidwa chaka chamawa sipaphukanso.