Chishalo chikatsika, mawondo amakwera: cruiser ndi ife aatali

Pali nambala imodzi imene makampani a njinga zamoto amakonda kuionetsa akamatsatsa njinga za mtundu wa cruiser: kutalika kwa chishalo kuchokera pansi. Chishalo cha Honda Rebel 500 chili pa mamilimita 690, cha Kawasaki Vulcan S pa 705, cha Harley-Davidson Fat Boy pa 675. Poyerekeza, njinga yopangidwira misewu yafumbi monga Honda Africa Twin imakhala cha m'ma 850. Otsatsa amafuna timve kuti nambalayi ikachepa ndiye kuti njingayo ndi yofatsa, yoyenera aliyense. Kwa munthu wamfupi ndi zoona, chifukwa akaima pa maloboti mapazi onse awiri amafika pansi bwinobwino. Kwa ife aatali nambala imeneyi siitiuza zambiri, ndipo kawirikawiri imatinamiza.

Ndikulemba izi ngati munthu wa masentimita 191, amene anzake am'kalasi anamupatsa dzina loti Pholo chaka choyamba chisanathe. Njinga yangayanga ndilibe. Ndinaphunzira kuyendetsa pa njinga ya achimwene anga aakulu, amene amachita kabaza, ndipo monga ambiri a inu ndili ndi kamndandanda ka zinthu zimene ndidzagule ndikadzayamba kulandira malipiro. Cruiser ili pamwamba pa kamndandandako. Ndi yokongola, palibe angatsutse: yaitali, yotsika, yonyezimira, injini yake ikulira mwaulemu ngati ng'oma yaikulu. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za cruiser zimaluma kwambiri munthu wa miyendo italiitali.

Tiyambe ndi kumene kaonekedwe kameneka kanachokera. Cruiser ndi mwana wa ku America. Kampani ya Indian inayamba mu 1901 ku Springfield, Massachusetts, ndipo Harley-Davidson mu 1903 ku Milwaukee. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anyamata ambiri kumeneko ankagula njinga zakale n'kumachotsa zonse zolemera, kutsitsa chishalo, pambuyo pake n'kumatalikitsa kutsogolo. Filimu ya Easy Rider ya mu 1969, momwe munali Peter Fonda ndi Dennis Hopper, inafalitsa chithunzi chimenechi padziko lonse: munthu atakhala pansipansi, mapazi patsogolo, manja m'mwamba, msewu wowongoka osaoneka pothera. Chithunzicho chinakula mphamvu moti mu 1984 Harley-Davidson inatulutsa Softail, njinga imene ma shock ake akumbuyo anabisidwa kunsi kuti izioneka ngati zakale zija zimene zinalibiretu ma shock. Taonani bwino pamenepa: akatswiri anagwira ntchito yobisa chinthu chimene chimateteza msana, n'cholinga choti njinga ioneke bwino. Pa cruiser maonekedwe ndiwo amayamba, thupi la wokwera limabwera pambuyo.

Thupi limakhudza njinga pa malo atatu: pachishalo, popondera mapazi, ndi pahandulo. Kukwana kapena kusakwana kwa njinga kumachokera pa mtunda wa pakati pa malo atatuwa, osati pa mtunda wa chishalo ndi nthaka. Mukatsitsa chishalo koma zopondera n'kuzisiya pansi pa wokwera, monga zilili pa Rebel, mpata wa miyendo umachepa. Munthu wamtali akakhalapo, mawondo amakwera kupitirira chiuno. Zikatero chiuno chimapendekera kumbuyo, msana wam'munsi umapindika ngati uta, ndipo kulemera konse kwa thupi kumatsikira pa kafupa kakumapeto kwa msana. Aliyense amene anakhalapo pa kampando ka ana a sitandade 1 pamsonkhano wa makolo akudziwa zimene ndikunena. Mphindi khumi zoyamba mumaseka, ikakwana ola simukusekanso.

Yankho limene ambiri amapereka ndi kusunthira zopondera kutsogolo, pamodzi ndi giya ndi buleki yakumbuyo, kuti miyendo itambasuke. Mawondo amapumadi. Koma mwathetsa vuto lina n'kuitana lina. Mapazi akakhala kutsogolo, simungathenso kuimirira pang'ono pa zopondera mukaona dzenje. Yang'anitsitsani anyamata akabaza akamadutsa pa bampu: amanyamuka pachishalo pang'ono, miyendo n'kulandira kugunda kuja. Amatha kutero chifukwa mapazi awo ali pansi pa thupi. Pa cruiser yotambasula miyendo, kugunda konse kumakwera molunjika mumsana. Ndipo ma shock a njinga yotsika alibe mpata wokwanira woti n'kupindika. Pa mitundu ina ya Harley-Davidson Sportster gudumu lakumbuyo limasuntha osafika masentimita 5, pamene pa Africa Twin limapitirira masentimita 20. Pamisewu yosalala ya ku Arizona kusiyana kumeneku mwina sikudetsa nkhawa. Pamsewu wathu nyengo yamvula ikangotha, maenje ali mbwee, ndi nkhani ya msana wanu.

Ndinazimva ndekha tchuthi chathachi. Mnzawo wa achimwene anaitanitsa cruiser yaing'ono yogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, ndipo anandilola kuyenda nayo mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Pokhota pang'onopang'ono pamsika, handulo inkagunda bondo langa isanafike pothera pake. Nsapato yanga inkavuta kulowa pansi pa giya. Titatuluka m'tauni liwiro litakwera, mphepo inayamba kundikankha pachifuwa, ine n'kumadzikoka ndi manja kuti ndisagwere chagada. Nditatsika ndinati, "Achimwene, njingayi ndi yabwino, koma msana wanga wakana." Iwo anaseka n'kuti, "Iwe, uzolowera. Mwamuna amapirira." Mwini njingayo, yemwe amandifika paphewa, sanamve n'komwe chimene ndinkadandaula. Kwa iye inali ngati sofa.

Mphepo ija ili ndi masamu ake. Mphamvu imene imakukankhani imakula mofulumira kuposa liwiro: mukawirikiza liwiro kawiri, kukankhako kumawirikiza kanayi. Munthu wamtali atakhala chowongoka, manja atatambasula, ali ngati thanga la bwato. Galasi lotchinga mphepo limathandiza, koma lokhalo lokwana msinkhu wake. Likakhala lalifupi, mphepo yodumpha pamwamba pake imafikira pachisoti n'kumagwedeza mutu ulendo wonse. Ena amathawira ku mahandulo ataliatali otchedwa ape hangers, poganiza kuti manja aatali amafuna handulo yokwera. Manja akapitirira mapewa amachita dzanzi msanga, ndipo kuwongolera kumavuta, n'chifukwa chake zigawo zina za ku America zili ndi malamulo oletsa handulo kukwera mopitirira muyezo.

Mawu a achimwene aja, oti uzolowera, ndi amene ndikufuna kutsutsana nawo. Sananene mwankhanza. Ndi nzeru imene tonse tinakula nayo. Timavala zakaunjika zimene zinasokedwera matupi a anthu ena, timakhala anayi pampando wa minibasi wopangidwira atatu, mawondo atakanikiza msana wa mnzathu wapatsogolo, ndipo tinaphunzira kuti chinthu chikapanda kukukwana, wolakwa ndi thupi lako. Koma mbiri ya kapangidwe ka zinthu imanena zina. Mu 1950 asilikali a ndege a ku America anayeza matupi a oyendetsa ndege 4,063. Wofufuza wina wachinyamata, Gilbert Daniels, anatenga miyezo khumi, monga msinkhu, chifuwa ndi kutalika kwa mkono, kuti aone ndi angati amene anali apakatikati pa yonse khumi. Sanapeze ngakhale mmodzi. Malo okhala woyendetsa ndege anali atapangidwira munthu wapakatikati, munthu amene kulibe. Chotsatira chake chinali mipando ndi zopondera zosunthika, ndipo lero mipando yosunthika timaiona ngati yachizolowezi m'galimoto. Palibe anauza oyendetsa ndege aja kuti azolowera. Anasintha mpando.

Njinga zamoto zinachedwa kuphunzira phunziro limeneli, koma zayamba. Pamene Kawasaki inatulutsa Vulcan S mu 2015, inabweretsa dongosolo lotchedwa Ergo-Fit: zopondera zimamangidwa pa malo atatu osiyana, ndipo pali zishalo ndi mahandulo osiyana malinga ndi msinkhu wa wogula. Njinga ndi yomweyo, koma wamfupi ndi wamtali aliyense amaikonza kuti imukwane. Harley-Davidson ndi Indian nawonso amagulitsa zishalo zokankhira wokwera kumbuyo ndi m'mwamba. Kungopezeka kwa zinthu zimenezi ndi umboni woti kudandaula kwa munthu wamtali si kudzimva kapena ulesi.

Vuto lathu kuno ndi lakuti ambiri sitidzagula njinga yatsopano m'sitolo momwe wogulitsa angatiyeze miyendo. Tidzaiona pa intaneti, kutumiza ndalama, n'kudikira kuti itsike padoko la Dar es Salaam. Pakaunjika pokha munthu umayesa buluku usanalipire, koma pano ukulipira ndalama za miyezi yambiri pa chinthu chimene sunakhalepo. Choncho musanatumize ndalama, funafunani munthu amene ali ndi njinga ya mtundu womwewo ndipo mupemphe kukhalapo, osati mphindi ziwiri zojambulitsa chithunzi, koma kotala la ola, mapazi ali pa zopondera. Onani ngati mawondo ali molingana ndi chiuno kapena kutsikirapo. Pindani handulo mpaka pothera mbali zonse ziwiri, muone ngati ikugunda bondo. Zigongono zikhale zopindika pang'ono, mapewa ali phee. Yesani kunyamuka pachishalo osadzikoka ndi manja. Yesani kuponda buleki yakumbuyo mwadzidzidzi osanyamula mwendo wonse. Dziwaninso kutalika kwa mwendo wanu kuyambira m'mphechepeche mpaka pansi, chifukwa anthu awiri a msinkhu umodzi akhoza kusiyana kwambiri: wina ndi wamtali miyendo, wina thunthu.

Ngati njinga muli nayo kale, yambani ndi chishalo. Amisiri okonza mipando ya galimoto amatha kuwonjezera siponji yolimba ya masentimita atatu kapena anayi ndi kusunthira kumbuyo potsamira chiuno, ndipo kusintha kochepa kumeneku kumatsegula mawondo ndi chiuno nthawi imodzi pa mtengo wochepa. Handulo ikhoza kukwezedwa pang'ono, bola mawaya ndi mapaipi a mabuleki asakokeke mukapinda. Chimene sindingalimbikitse ndi kupita kwa wowotcherera zitsulo wapamsika kuti atalikitse chitsulo cha buleki mongoyerekeza. Chikathyoka, chidzathyoka tsiku limene mwachiponda mwamphamvu, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe mumachifuna kwambiri.

Nkhaniyi si ya kumva bwino kokha. Munthu amene msana ukumuwawa amaganiza za msana, osati za mbuzi imene ikufuna kudumpha msewu. Mwendo wochita dzanzi umachedwa kufika pa buleki. Bondo lotchinga handulo limakugwetsani pokhota pamene wamfupi akanadutsa osazindikira n'komwe. Pa njinga yamoto kutopa ndi ngozi zimayendera limodzi.

Mwina mukayesa zonsezi mudzapeza kuti cruiser yaikulu yokhala ndi chishalo chokwezedwa ikukukwanani. Mwinanso mudzapeza kuti thupi lanu ndi misewu imene mumayendamo zikufuna njinga yaitali, yosanyezimira, imene palibe adzaijambule pa Instagram. Zonse ziwiri ndi zabwino. Chokhacho chimene ndikukana ndi kulipira ndalama zanu zoyamba, zimene mwazivutikira zaka zinayi, kuti mugule ululu, kenako n'kumauzidwa kuti kupirira ndiye umuna.