Duwa la Mkuwa ku Garneton

Munthu akacoka m'Kitwe pa mseu wa ku Chingola napatukira kumanja, amafika ku Garneton, kumene ena amati Itimpi. Ndinapitako m'mwezi wa Okutobala kukazonda mlamu wanga. Dzuwa litapepa, mdzukulu wace ananditsogolera kuthengo kumene moto wolusa unali utapita. Pamalo pena poyera, popanda mombo ngakhale msuku, tinapeza timaluwa toyera tofiirira pang'ono, tosafika m'bondo, titatuluka m'phulusa mvula isanagwe.

"Agogo, awa ndi maudzu cabe," anatero mnyamatayo.

Si maudzu ai. Azungu analicha duwa la mkuwa, ndipo akatswiri a zomera kale ankati Becium homblei, lero amati Ocimum centraliafricanum. Ndi mbale wa mpungabwi uja amai athu kum'mawa ankapirikitsira udzudzu. Cimene timaona pamwamba ndi cacing'ono: tsinde lace lenileni, lolimba ngati mtengo, lili pansi pa nthaka, ndipo ndi cifukwa cace moto sulipha. Limamera ndi kwina komwe, koma pamene dothi lili ndi mkuwa wambiri, wolepheretsa mitengo kukula, ilo limapirira nilicuruka popeza palibe colichinga dzuwa. Motero ofufuza miyala m'masiku a Northern Rhodesia ankati akaona dazi lotere m'nkhalango, maluwa ali mbuu, ankatapa dothi kukaliyesa. Ife amene tinaleredwa ndi malipiro a ku mgodi sitinauzidwe zimenezi ku sukulu ya misyoni, ngakhale tinaloweza mitsinje ya ku England.

Koma mkuwa umene duwali limapirira uli m'nthaka mwacibadwa. Wina ndi uja wa mu Febuluwale 2025, pamene damu la zonyansa za mgodi linagumuka ku Chambishi, asidi nalowa mu Mwambashi ndi mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa madzi inapserera, ndipo mipope ya m'Kitwe inatsekedwa. Mlamu wanga, amene amamwetsa ndiwo zace ndi madzi a mumtsinje, amaikambabe nkhaniyo motsitsa mau.

Pobwerera tinadutsa nthutu ziwiri za makala zikufuka. Pafupi ndi maluwa aja panali kale zikhomo zinai za ploti, ndi mulu wa mcenga. Mnyamata anafuna kuzula limodzi kuti akabzale kunyumba. Anakumba ndi kamtengo mpaka mdima unagwa, osafika pamene muzu unathera.