Ndinapita kwa Mpama kukasulitsa gogodera

Chaka chatha ana anga a kalabu ya zisudzo anandichititsa manyazi, ngakhale wolakwa ndinali ine. Tinkachita sewero la John Chilembwe, ndipo titafika pamene anyamata ake akupita kukathyola nkhokwe ya zida ku Mandala, ana anatulukira pabwalo atasenza mapesi a chimanga pamapewa. Anthu anafa nalo phwete. Gogo wina amene anakhala kutsogolo anandikodola sewero litatha n'kundifunsa ngati ndinaionapo gogodera ndi maso angawa. Ndinalibe choyankha.

Mnzanga amene timaphunzitsa limodzi, wa ku Chiradzulu, ndiye anandiuza za mkulu wina wosula zitsulo m'dera la mfumu yaikulu Mpama, amene bambo ake ankakonza mfuti za alenje. Ndiye sukulu zitangotsekera mu Disembala, Loweruka m'mamawa, ndinakwera minibasi ku Limbe yolowera msewu wa ku Zomba. Kondakitala anatipanikiza anayianayi, wina atafungata nkhuku, wina thumba la feteleza lili pamiyendo. Titadutsa Mapanga, phiri la Chiradzulu linaonekera kudzanja lamanja, mutu wake uli m'nkhungu. Ndinatsika pamphambano n'kukwera njinga yamoto ya kabaza, ndipo mnyamata wake anayamba kundipepesera matope tisananyamuke n'komwe.

Aliyense woyenda m'boma limeneli nthawi ya dzinja amaona chinthu chimodzi: palibe tchire. Munda wagundana ndi munda, chimanga chosakaniza ndi nandolo, mizere ya chinangwa ndi mbatata, makola a ng'ombe zamkaka kuseri kwa nyumba. Minda yakwera mpaka m'chiuno mwa phiri. Ndinafunsa wakabaza ngati kuno kuli nyama zam'tchire. Anati afisi ndi anyani m'phirimo alipo, ndi mbewa m'minda. Basi.

Sindinalunjike kuchipala. Mnzanga anali atandichenjeza kuti nkhani ya mfuti siyambira pakhomo pa munthu, imayambira kwa nyakwawa. Ndinafotokoza kuti ndikufuna chofanizira chabe, chosalira, cha sewero. Mfumu inaseka, inalemba kakalata, n'kundipatsa mwana wondiperekeza.

Mkuluyo tinamupeza pansi pa mtengo wa mango, akukonza nkhwangwa. Chipala chake n'kachisakasa ka udzu, makala ali pakati, chitsulo chachikulu chosulirapo chili pachitsa. Mvukuto wachikopa cha mbuzi anaupachika kudenga, wauma gwa. Masiku ano amapemerera moto ndi gudumu la njinga limene mdzukulu wake amapukusa. Nditapereka moni ndi kunena chimene ndadzera, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mwatumidwa ndi boma?"

"Ayi agogo, ndatumidwa ndi ana asukulu."

Anawerengetsa kalata ya mfumu kwa mdzukulu wake, kenaka anati: "Yolira sindipanga. Ndinasiya ndisanabale mayi ake a uyu. Koma ngati mukufuna thupi lake lokha, lopanda mtima, khalani pansi."

Anayamba ndi mtengo, osati chitsulo, ndipo apa m'pamene ndinadziwa kuti ndafika kwa mmisiri. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thabwa lochindikala la mlombwa, lotsala pa chitseko chakale. Mtengo wauwisi, anatero, umapindika ukamauma, ndiye mfuti imaloza kwina iwe ukuyang'ana kwina. Anandiimiritsa, anayeza mkono wanga ndi luzi kuchokera paphewa kufika pachala cholozera, n'kujambula pathabwapo ndi khala. Ndinamukumbutsa kuti wodzainyamula ndi mwana wa Fomu 2. Anafupikitsa pang'ono, monyinyirika.

Ntchito ya kasemasema inatenga tsiku lonse. Ankasema pang'onopang'ono, kutsata mmene mitsempha ya mtengo yayendera, n'kumaika mtengowo patsaya ngati akuloza kanthu, kenaka n'kusemanso. Malo amene anakhalitsapo ndi pakhosi, pogwira dzanja lamanja. Pamenepo, anati, ndi pamene mfuti zambiri zinkathyokera, ndipo bambo ake ankazimanga ndi chikopa chachiwisi chimene chikauma chimagwira ngati chitsulo. Ngalande yogonekamo mpope anaigoba ndi chizulo chimene anasula yekha. Posalaza anagwiritsa ntchito chibenthu cha botolo, tizipalo tofiira tikugwa pamiyendo yake.

Akusema choncho anandifotokozera dzinalo. Mfuti imeneyi imadyera kukamwa. Mlenje ankathira wonga, n'kutsekera ndi kansanza kapena luzi, n'kuponyamo chipolopolo, kenaka n'kugogoda ndi kandodo kachitsulo kuti zonse zikhale pansi. Kugogodako ndiye gogodera. Zakale kwambiri zinkayaka ndi mwala wothetheka. Zimene iye anakula akuziona zinali za fataki, kachipewa kamkuwa kamene kanyundo kakakamenya kamatulutsa moto. Kuwomba kunali kamodzi. Utsi ukati tolo, sunkaonanso ngati nyama yagwa kapena ikukudzera. "Njati siidikira kuti ugogodenso," anatero. N'chifukwa chake mlenje weniweni ankakwawa mpaka kumva fungo la nyama, ndipo mnzake wa mkondo sankatalikira.

Ndinamufunsa ngati makolo ake ankasula mfuti yonse kuyambira pachiyambi. Anapukusa mutu. Mpope wabwino unkachokera kunyanja yamchere. Chimene amisiri akuno ankadziwa ndi kuipatsa mfuti moyo wachiwiri ndi wachitatu: mtengo watsopano chiswe chikadya wakale, sipuling'i yatsopano, kanyundo katsopano. Mavuto anayamba pamene mipope yakale inatha, anthu n'kuyamba kutola mapaipi wamba. Anatambasula dzanja lake lamanzere n'kupinda zala ziwiri. Mchimwene wake, anati, anatsala ndi zitatu, diso limodzi linapita, tsiku limene paipi yotere inamuphulikira kumaso akufuna nguluwe. Kuyambira pamenepo iye anabwerera ku makasu ndi zikwanje.

Zimene ananena za kunyanja yamchere zikugwirizana ndi zimene timawerenga. Mfuti zambiri zimene zinalowa kuno m'zaka za m'ma 1800 zinkapangidwa m'mizinda ngati Birmingham ku England ndi Liège ku Belgium, zina zinali zotha ntchito kwa asilikali a ku Ulaya. Zinkatsikira m'madoko ngati Quelimane ndi Kilwa, n'kukwera kumtunda pamitu ya amtengatenga, m'maulendo a amalonda achiyao, Aswahili ndi Apwitikizi. Ku Zambezi, cha ku Tete, Achikunda anatchuka nazo posaka njovu. Malipiro ake anali minyanga ndi anthu. Mfuti inkapha njovu, mfuti yomweyo n'kugwira munthu woti asenze mnyangawo kupita kudoko, kumene onse awiri ankagulitsidwa kuti pabwere wonga wina.

Ndipo zimenezi sizinachitikire kutali ndi mango amene tinakhala pansi pake. Mu Julaye 1861, David Livingstone ali paulendo ndi Bishopu Charles Mackenzie anakumana ndi gulu la akapolo pamudzi wa Mbame n'kumasula anthu 84, ena magoli ali m'khosi. Ulendo umenewo unakathera ku Magomero, kumene anakhazikitsa mishoni, dera lomweli lili pakati pa nkhondo ya Ayao ndi Amang'anja. Ndinayang'ana thabwa la mlombwa likusanduka mfuti m'manja mwa gogoyo, lokongola ndithu, ndipo ndinasowa mtendere pang'ono. Ana anga ndinkafuna kuwapatsa chida cha ngwazi, koma chida chomwechi ndi chimene chinkathamangitsa makolo awo kukabisala m'mapanga a phirili.

Usiku ndinagona kwa mayi ake a mnzanga uja. Nsima ya nandolo ndi chigwada, mvula ikugogoda malata mpaka mbandakucha.

Lamulungu masana, anthu ataweruka kutchalitchi, tinayamba zachitsulo. Mpope anaupanga ndi ndodo yamtengo yolimba, yopanda bowo, n'kuidetsa pamoto ndi kuipaka mafuta mpaka inachita kuoneka ngati chitsulo chakale. Anaumangirira ndi mikombero itatu yodula ku chitini. Koma kanyundo anati asula keniyeni, kuti ndione. Mdzukulu anapukusa gudumu, makala analira, kachitsulo kanafiira psu. Ankamenya katatu kanayi, kutembenuza ndi mbaniro, kubweza pamoto. Sanayeze ndi chilichonse. Patapita kanthawi, kachitsulo kopanda mawonekedwe kaja kanali ndi khosi lopindika ngati la tambala. Anakaviika m'madzi, kanalira tswii, n'kukamaliza ndi tupa. Anakakhomerera pambali pa mtengo kuti kasamayende.

Ndinaona kuti pa ntchito yonseyi mdzukulu uja, mnyamata wa zaka pafupifupi 17, dzanja lina linali pagudumu, lina pafoni. Gogoyo anandiona ndikuyang'ana. "Akufuna kabaza," anatero, osakweza mutu.

Tikupumula ndinamufotokozera sewero lathu, mmene usiku wa pa 23 Januwale 1915 gulu lina linanyamukira kwa Chilembwe ku Mbombwe kupita ku Blantyre kukalanda zida kusitolo ya African Lakes ku Mandala. Anandidula mawu. "Ndiye mukufuna awa apite ku Mandala atanyamula gogodera, akabwerenso ndi gogodera?" Funso limeneli linandigwetsa ulesi, chifukwa linali loona. Chimene anthu a Chilembwe ankafuna ku Mandala ndi mfuti zamakono, zodyera kumbuyo, zofanana ndi za asilikali a boma. Alonda anakuwa, ndipo anabwerako ndi zochepa chabe. Ku Magomero, mzungu woyang'anira esiteti, William Jervis Livingstone, anaphedwa ndi mikondo ndi nkhwangwa. Pa 26 Januwale anthu a Chilembwe anatentha mishoni ya Nguludi, ndipo pofika pa 3 Febuluwale Chilembwe anali atawomberedwa cha ku Mulanje. Munthu amene nkhope yake tikuyenda nayo pa K2,000 anadzuka ndi manja pafupifupi opanda kanthu.

Sizinangochitika mwangozi. Mayiko a ku Ulaya atagwirizana ku Brussels mu 1890, anatsekereza kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, koma zakale zogogodazi anazilekerera. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain kuno mu 1891, anagonjetsa mafumu amene anali ndi gogodera zambiri mmodzimmodzi, Kawinga ndi Zarafi mu 1895, Mlozi n'kunyongedwa ku Karonga kumapeto kwa chaka chomwecho. Azungu anatigulitsa mfuti yowomba kamodzi, iwo n'kubwera ndi yowomba mosalekeza. Sewero lathu ndalisintha: gogodera idzanyamulidwa ndi mlenje mmodzi wokalamba, ena onse mikondo ndi zibonga.

Za ulenje gogoyo ankazikamba ndi maso owala. Uzimba wa mudzi wonse udzu ukapsa, agalu, nyama yogawana mwendo kwa mfumu, mkazi wa mlenje kudzisunga mwamuna ali kutchire kuopa kumuitanira ngozi. Ndinamvetsera mokondwa, koma sindigwirizana naye pamene akuti nyama zinathawa zokha chifukwa anthu anasiya miyambo. Nyama tinazimaliza, ndi mfuti, ndi misampha, ndi khasu. Ku Majete njovu zinatheratu pofika 1992, ndipo zinachita kubwezeretsedwa ndi magalimoto bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu 2003. Mpaka lero, mwa zida zimene alonda a nkhalango amalanda kwa opha nyama mozemba, gogodera zopangira kumudzi sizisowa. Lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu, ndipo kusunga kapena kupanga mfuti yolira popanda chilolezo ndi mlandu pawokha, kaya ndi ya agogo ako.

Nditamuuza zimenezi sanatsutse. Anangoti, "Nanga ine ndikanapanga yolira, mukanakawomba chiyani kuno? Mbewa?"

Pomaliza anapaka mtengowo mafuta ansatsi ndi kansanza, mlombwa unafiira ngati wamoyo. Anamanga chikopa pakhosi paja, monga ankachitira bambo ake, ngakhale panalibe pothyoka. Anaika patsaya komaliza, kuloza kuphiri, n'kundipatsa ndi manja awiri. Mtengo umene anatchula unali wochepa moti ndinachita manyazi. Ndinawonjezera, ndi shuga ndi sopo zimene ndinatenga ku Limbe.

Pobwerera Lolemba ndinaikulunga m'chitenje, koma mfuti siibisika. Wakabaza anakana kundinyamula mpaka ataigwira yekha kukamwa. Mu minibasi mayi wina anasamukira mpando wakumbuyo. Pa rodibuloko wapolisi ananditsitsa, anafunyulula chitenje, anagogoda mpope ndi chala, anawerenga kalata ya mfumu kawiri, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Anandifunsa kumene mmisiriyo amakhala, ati akufuna amusemere mpini wa nkhwangwa.

Sewero tidzachita pa 15 Januwale, tsiku la Chilembwe. Mfutiyo ili mukabati ya ahedi, ndipo ana atatu akanganirana kale kuti mlenje akhale ndani. Inu amene mukudziwa kuti kudenga la nyumba ya agogo anu kuli gogodera yeniyeni yakutidwa m'chiguduli, musayese kuiwomba, ndipo musalole mwana aiseweretse, poti zina zinapachikidwa wonga uli momwemo. Kauzeni amfumu, mupite nawo limodzi kupolisi.