Kabudula Wogwira Bala la Tummy Tuck

Malamba othina pamimba amene adzaza m'misika ya Johannesburg masiku ano amandipsetsa mtima. Mukadutsa mu Small Street muwapeza atapachikidwa mbwee, akuda ndi apinki, a mphira wonunkha, m'kati atalowetsamo tizitsulo, mtengo wake R150. Mtsikana wofuna kuti diresi limukhale pa ukwati wa mnzake agule, ndilibe naye mlandu. Chondiwawa n'chakuti malamba omwewa akugulitsidwanso kwa amayi amene angotuluka kumene m'chipatala atapangidwa tummy tuck, bala loyambira fupa la chiuno ili kukafika linalo lisanagwirane n'komwe. Ine ndine telala, ndipo ndimadyera kusoka ndi kukonza akabudula ovala amayi amenewa akachoka ku opaleshoni. Zimene tizitsulo timachita pakhungu lotere ndimaziona ndi maso anga akavula.

Telala wosadziwa zimene dokotala wachita m'kati asakhudze ntchito iyi. Kutsogolo kwa mimba kuli minofu iwiri yoongoka, yochokera kunthiti kutsikira pachinena. Mwana akamakula minofuyi imatalikirana, ndipo kwa amayi ena, makamaka obereka kangapo kapena amapasa, sibwererananso. Madokotala amati diastasis recti. Mayi atha kuonda thupi lonse, mimba yokha n'kutsala ili tuu, msana ukuwawa, anzake akutchalitchi n'kumamufunsa kuti, "Kodi amake mwana, mwaimanso?" Pa tummy tuck dokotala amacheka m'munsi mwenimweni, n'kusendula khungu ndi mafuta ake mpaka kufupi ndi nthiti, n'kusoka minofu ija kuti ikumane. Kenaka amakokera khungulo pansi, n'kudula lotsala, mchombo n'kuuboolera potulukira patsopano. Ndiye kuti pakati pa khungu ndi minofu patsala mpata waukulu umene umakonda kudzaza madzi. Kabudula wanga ntchito yake n'kugoneka khungulo pamalo pake, kuchepetsa kutupa, ndi kuchirikiza mayiyo akamatsokomola kapena kudzuka pabedi. Ayenera kugwira monga mumagwirira mutu wa khanda posambitsa, molimba koma osafinya.

Ambiri amabwera kudzayezedwa opaleshoni isanachitike, ndipo tepi ikangozungulira m'chiuno pakamwa pamatseguka. Mantha awo ndawamva mpaka ndawaloweza. Amayi a ku Nigeria amatchula Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wawo wa nthawi imeneyo, amene anamwalira ku Spain mu 2005 atapangidwa opaleshoni yochotsa mafuta. Ena amatchula Donda West, mayi ake a Kanye West, amene anamwalira mu 2007 patangopita tsiku limodzi chipangidwireni maopaleshoni okonza thupi. Koma chimene chimawadya kwenikweni si imfa yokha. Wina anandiuza atagwira tepi yanga kuti ndisapitirize, amvekere, "Achemwali, ndikapanda kudzuka, ana anga adzawauza kuti mayi wawo anafera kukongola." Sindimuuza munthu wotere kuti asaope, chifukwa opaleshoni iyi ndi yaikulu ndithu, ndipo magazi amatha kuundana m'miyendo n'kuthamangira kumapapo. Ndimangomufunsa zimene ndingafunse mng'ono wanga. Dokotalayo mwamufufuza ku bungwe la HPCSA kuti analembetsadi ngati katswiri wa maopaleshoni otere? Kubereka mwamaliza? Mwana analeka kuyamwa? Fodya munasiya? Nanga milungu isanu ndi umodzi imene simudzaloledwa kunyamula cholemera, adzabereke mwana kumbuyo ndani? Funso lomalizali ndi limene ambiri amakhala asanaliganize, ndipo kuno kutali ndi kwathu kulibe apongozi kapena azakhali ongowaitana pampanda.

Kusoka ndinaphunzira kwa amalume, pakhonde la sitolo ku Limbe, pa makina a Singer opalasa ndi phazi. Kumeneko zinali mayunifolomu a sukulu ndi zitenje za maukwati, nsalu zomvera, zimene ukaziika pansi zimakhala pomwepo. Nsalu yotamuka ndinaidziwira kuno, kwa mayi wina wachikulire wa ku Cape Town amene ankachita lendi kachipinda kuseri kwa shopu ku Fordsburg. Aliyense ankangowatchula kuti Anti. Anagwira ntchito zaka zambiri m'mafakitale a zovala zam'kati ku Salt River, mpaka pamene zovala zotchipa zochokera kunja zinatseketsa mafakitale ambiri, iwo n'kutsala ndi manja awo okha ndi makina awiri akale. Zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi, koma akagwira lastiki sankafuna tepi. Ankangokoka pang'ono n'kunena kuti uyu atha msanga, uyu akhalitsa, ndipo sankaphonya.

Sankakalipa. Ndikamaliza msoko ankautenga, n'kundiuza kuti nditsinzine, n'kuukhulitsa patsaya langa. "Ukumva chiyani, mwana wanga?" Ndikati ndikumva ulusi, ankandipatsa lezala kuti ndisasule. Nthawi ya Ramadan ankasoka tsiku lonse osalawa madzi, koma ine tiyi wanga ankandiikira pambali, ndipo Lachisanu masana makina ankaima ngakhale kasitomala aime pakhomo. Kabudula woyamba amene ndinasoka ndekha anandilamula kuti ndigone naye usiku, ndikwere naye takisi, ndipite naye kuchimbudzi, kenaka ndidzawauze paliponse pamene ndamukumbuka kuti ndamuvala. Ankati malo amene wavalayo akukumbukira chovala ndi malo amene telala wachita ulesi. Anabwerera ku Cape Town maso atayamba kuchita chidima, ndipo sizasi yawo yaikulu anandisiyira. Mpaka lero sindidulira china chilichonse koma powernet, ndipo pakhomo panga amadziwa kuti siigwiridwa.

Powernet ndiye nsalu yanga. Ndi ukonde wa nayiloni wolukana ndi elastane, ulusi wotamuka umene anautulukira Joseph Shivers ku kampani ya DuPont mu 1958, umene ambiri amaudziwa ndi dzina la Lycra. Mukaiyang'anitsa padzuwa muona timaboo tosawerengeka, ndipo timabooto ndi tomwe timachititsa kuti khungu lipume pamene mphira wa m'misika uja umasunga thukuta pabala. Pogula sindikhulupirira zolembedwa pampukutu. Ndimaika chizindikiro cha 10 cm, n'kukoka pa rula, n'kusiya. Kutamuka si nkhani, nsalu iliyonse yachabechabe imatamuka. Nkhani ndi kubwerera. Ikabwerera pa chizindikiro chake nthawi yomweyo, ndigula. Ikatsala ngakhale pang'ono, ndiye kuti pakatha mlungu kabudulayo adzakhala wolobodoka pamene mayi akumufunitsitsa. Komanso nsaluyi sitamuka mofanana mbali zonse, choncho mbali yamphamvu ndimaizunguliza thupi. Otchipa amadula mmene nsalu ingawatulutsire akabudula ambiri, mwendo uno wayang'ana uku, winawo uko, ndiye mayi amadabwa chifukwa chake chovala chikumupotokera kumanzere. M'kati ndimaika nsalu ya thonje yofewa. Singano ndi yosasongoka kunsonga kuti isadule ulusi wa ukondewo, msoko ndi wa zigizagi, ndipo misoko yonse imayang'ana kunja ngakhale chovalacho chisaoneke bwino. Palibe amene akupita nacho kuphwando.

Zoyeza m'chiuno, m'matako ndi m'ntchafu telala aliyense amazidziwa. Pamene pamagona mutu wanga ndi kachigawo kochokera pamchombo kutsikira pakati pa bala. Khungu la pamenepa ndi limene lakokedwa kwambiri, ndi limene magazi amafikako movutikira, ndiponso ndi limene lachita dzanzi chifukwa timitsempha tomvera tadulidwa. Dzanzilo limatha miyezi. Tanthauzo lake n'lakuti chovala chikamamudya pamenepa, mayiyo samva chilichonse. Nsapato ikathina munthu amaivula. Apa palibe chomuchenjeza mpaka aone khungu lada.

Ndiye onjezani kuti mlungu woyamba, ena mpaka wachiwiri, mayiyu sayenda choongoka. Amayenda chowerama chifukwa khungu ndi lofupika, ndipo amagona atatsamira mapilo, ena ataika pansi pa mawondo. Kabudula wodulidwira munthu woimirira akavalidwa ndi munthu wowerama amapindika kutsogolo, ndipo khwinya la powernet yolimba limasanduka chingwe chodutsa pamalo omwe aja osamva. N'chifukwa chake kabudula woyamba ndimamudula wamfupi kutsogolo, wamtali kumbuyo, chigamba chakutsogolo n'kuchidula mokhota pang'ono kuti chitsate thupi lowerama. Pachigamba chimenechi sipadutsa msoko, zipi kapena ngowe. Ngowe zimapita m'mbali, mizere itatu, pansi pake nditayala kansalu kofewa, kuti mayi avale atagona osachita kukoka chovala kudutsa pabala. Pansi ndimasiya potseguka kuti apite kuchimbudzi osavula. Ngati dokotala wamusiyira timapaipi totulutsa madzi, ndimaboola potulukira pake ndi kupenderera bwinobwino kuti paipi isapindike, chifukwa ikapindika madzi amabwerera kukadzaza m'kati. Miyendo ya kabudula siyenera kuthera m'mphechepeche ndi lastiki woluma. Ndimaitsitsa mpaka pakati pa ntchafu, kunsonga kopanda chomanga, poti munthu amene tikumuopera magazi oundana sitingamumangenso mitsempha ya m'miyendo.

Poyesa ndimalowetsa dzanja langa lonse chafulati pakati pa chovala ndi mimba, n'kumuuza kuti akoke mpweya mpaka pansi. Dzanja likakana kulowa, kapena mpweya ukathera pachifuwa, ndimasula. Ndimakonda kuyesa madzulo, chifukwa mimba yotere imatupa dzuwa likamapendeka, ndipo chokwana bwino mmawa chimatha kuluma usiku. Kutupa kukamaphwa amabweranso kuti ndibweze m'mbali, ndiongole kutsogolo kuja tsopano poti wayamba kuimirira. Madokotala ambiri amati avale pafupifupi milungu isanu ndi umodzi, koma aliyense ali ndi malangizo ake, ndipo ine ndimatsata a dokotala wa mayiyo. Wobwera wopanda malangizo ndimamubweza kuti akafunse kaye.

Makasitomala nawo amatopetsa. Munthu walipira marandi zikwi makumimakumi kuchipatala, za m'thumba mwake poti medical aid kawirikawiri salipira opaleshoni yotere, koma akafika kwa ine pa R900 ayamba kulira kuti nditsitse. Mu R900 imeneyo muli nsalu yochokera kunja imene imakwera randi ikangogwa, muli ngowe, muli maulendo onse obwera kudzabweza amene sindilipiritsa. Ena amatumiza miyezo pa WhatsApp atadziyeza okha atakoka mimba. Ena amaumirira saizi yocheperapo poganiza kuti kuthina kwambiri ndiye kudzawapatsa chiuno cha mavu. Ndimakana. Chiuno anachipanga kale dokotala, ndipo kufinya kungangowononga zimene walipirira.

Amayi akwathu ali ndi vuto lina limene ndimalinena mobwerezabwereza. Mayi akachira kumudzi timamumanga chitenje pamimba ndi kumuthowa ndi madzi otentha, ndipo amene amachita zimenezi amachita mwachikondi. Ndiye mayi ake kapena mkulu wake akabwera kudzamusamalira, choyamba n'kutereka madzi. Pa tummy tuck zimenezi n'zoopsa. Khungu ladzanzi limapsa mwini wake akumwetulira. Ndinaona chilonda cha moto pansi pa mchombo wa mayi wina amene anagona ndi botolo la madzi otentha m'nyengo yozizira ya June, ndipo chipsera chake chinaposa cha mpeni wa dokotala. Kwa achikulire ndimalankhula mwaulemu, ndimati, "Amayi, mwana wanuyu mumuphikire phala, mumugwire dzanja aziyenda pang'onopang'ono m'nyumba, mumuberekere mdzukulu wanu. Madzi otentha okha asiyeni." Amamva, bola uwafotokozere chifukwa chake.

Mlungu wachiwiri ndi wachitatu ndi umene ambiri amalira pampando wanga. Mimba yatupa kuposa mmene ankayembekezera, msana watopa ndi kuwerama, mwana akukweza manja kuti anyamulidwe ndipo iye sangathe. Amati, "Ndinadziputiranji?" Ndimawauza zimene ndaona, kuti kutupa kumatenga miyezi, kuti chipsera chimayamba chada ndi kutukumuka chisanazilale, ndipo chimatenga chaka kapena chaka ndi theka kuti chikhazikike. Pakhungu lathu lakuda chimatha kuderatu kapena kukula n'kukhala keloid, choncho amene thupi lake limachita zimenezi, ngakhale pobooletsa khutu, auze dokotala asanagone patebulo. Koma pali zina zimene sindizitonthoza. Katumba akatupa mwendo umodzi n'kumapweteka, mpweya ukamabanika, thupi likatentha, bala likayamba kununkha, kapena ndikaona khungu la pansi pa mchombo lasintha mtundu, ndimaika tepi pansi n'kumuuza kuti aimbire dokotala wake pomwepo, ine ndikumva.

Pano ndili ndi mtsikana wa ku Mangochi amene ndikumuphunzitsa. Manja ake ndi opepuka, ngowe amalumikiza mowongoka kuposa ine, ndipo wayamba kuzindikira powernet yabwino pongoikoka. Ndikamayesa makasitomala iye amaima pambali n'kumaonerera, dzanja lake n'kulowetsa pambuyo pa langa kuti amve kuthina koyenera. Chigamba chakutsogolo ndikudulabe ndekha.